Momwe mungatetezere nkhuku zanu ku chitopa

Kukayamba kutentha, cha mu Ogasiti mpaka Novembala, makola ambiri ku Lunzu, Chileka ndi Mpemba amatsala pululu. Chitopa chilibe mankhwala. Zothira tsabola kapena makapisozi m'madzi akumwa n'zongodzitonthoza mtima. Chothandiza ndi katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, koma amafunika nkhuku zisanadwale.

Yambani ndi kugwirizana ndi anansi. Nkhuku zachikuda sizidziwa malire, zimapalasa padzala limodzi, ndiye kutemera zanu zokha n'kusiya ntchito pakati. Komanso kabotolo kamodzi kamakwana nkhuku zambiri, choncho sonkherani, mupite kwa alangizi a ziweto a dera lanu mukagwirizane tsiku.

Mukatenga katemerayo, musamuike m'thumba la malaya kapena padzuwa. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, koma osati mpaka kalekale. Kulungani kabotoloko m'kansalu konyowa, muike m'kadengu kolowa mphepo, ndipo mukakatsegula kathe m'masiku awiri.

Madzulo a tsiku loti mawa mutemera, tsekerani nkhuku zonse, ngakhale zija zogona mumtengo wa mango, zomwe nthawi zambiri zimaiwalika. M'mamawa kusanatenthe, khalani pamthunzi. Wina agwire nkhuku ndi kupendeketsa mutu wake, inu mudonthezere dontho limodzi m'diso limodzi. Dikirani iphethire, dontholo lilowe, kenaka muitaye panja kuti isasakanikirane ndi zosatemera. Dontho ndi limodzi basi, kaya ndi tambala, thadzi lofungatira kapena kamwanapiye ka dzulo.

Yodwala musaitemere. Mukaona mapiko agwa ngati yavala jekete, ikutsekula zobiriwira kapena khosi lapindika, ipatuleni. Ikafa ikwirireni mozama kapena muitenthe. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timathamangira kugulitsa zotsalazo motchipa kumsika, kapena kusosola yakufayo nthenga n'kuzisiya pabwalo, matenda n'kufalikira mudzi wonse.

Chitetezo chimayamba pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo chimachepa pakapita miyezi. Bwerezani miyezi 4 iliyonse: Malichi, Julaye ndi Novembala. Wa Julaye musamuphonye, chifukwa ndi amene amaziolotsa nyengo yotentha.

Nkhuku yogula ku Limbe kapena ku Ndirande, ngakhale yopatsidwa ndi apongozi, ikhale payokha sabata ziwiri isanalowe m'khola.