Kusintha nokha wailesi ya m'galimoto: samalani waya wachikasu ndi wofiira

Munthu akaika wailesi yatsopano n'kupeza kuti m'mawa uliwonse yaiwala nthawi ndi masiteshoni, amayamba kudandaula kuti anamugulitsa yowonongeka. Kawirikawiri wailesiyo ilibe mlandu, kungoti mawaya awiri asinthana malo. Tiwafika mawayawo, koma tiyambe ndi tepi yoyezera.

Musanagule kanthu, yezani bowo la pa dashibodi. Mawailesi ambiri amatsata muyeso wa DIN: mamilimita 180 kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndi 50 kuchoka pansi kufika pamwamba. Ya double DIN, ija imakhala ndi sikirini, imafika mamilimita 100. Yezaninso kuya kwa bowolo, chifukwa kumbuyo kumafunika mpata wa mapulagi. Ngati galimoto yanu inapangidwira msika wa ku Japan, wailesi yake ya FM imayambira pa 76 MHz kulekeza pa 90 kapena 95, pamene mayiko ambiri amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Onetsetsani kuti yatsopanoyo ikufika 108.

Tulutsani CD yomwe ili mkati magetsi akadalipo. Ambiri amaikumbukira wailesi ili kale patebulo. Ngati yakaleyo imafunsa nambala yachinsinsi ikaduka magetsi, ilembeni penapake. Kenako zimitsani galimoto, tengani sipanala, nthawi zambiri ya 10, mumasule waya wa negativi pa batire n'kuukankhira pambali kuti usabwerere wokha.

Pulasitiki yozungulira wailesi imagwidwa ndi timakilipi. Itukuleni pang'onopang'ono ndi kachida ka pulasitiki; chitsulo chimasiya zipsera zosafufutika. Mawailesi ena amamangidwa ndi masikuluu m'mbali, ena amatuluka mukalowetsa timakiyi tiwiri m'timabowo ta kumaso kwake mpaka mutamva kuti kha! Mukaisolola, jambulani kumbuyo kwake ndi foni musanazule chilichonse.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili. Musadule pulagi yomwe inabwera ndi galimoto. Pezani adaputala yogwirizana ndi mtundu wa galimoto yanu, muilumikize ndi mawaya a wailesi yatsopano muli chikhalire patebulo, powala bwino, mtundu ndi mtundu unzake. Wachikasu umalandira magetsi a batire usana ndi usiku, ndipo ndi umene umasunga nthawi ndi masiteshoni. Wofiira umalandira magetsi pokhapokha mwatembenuza kiyi. Wakuda umapita ku chitsulo cha galimoto, pamalo opanda penti ndi dzimbiri. Wabuluu ndi wa eliyo yotuluka yokha, wabuluu wa mzere woyera umadzutsa ampu (chida chokweza mphamvu ya mawu), wa olenji umachepetsa kuwala kwa wailesi mukayatsa nyali. Masipika ali ndi mawaya awiriawiri: oyera kutsogolo kumanzere, otuwa kutsogolo kumanja, obiriwira kumbuyo kumanzere, apepo kumbuyo kumanja. Pa awiriwo, wa mzere wakuda ndiye negativi, ndipo musaumangire ku chitsulo cha galimoto, mungawotche wailesi.

Kupotokola mawaya n'kukulunga tepi kumagwira miyezi ingapo basi. Kuseri kwa dashibodi kumatentha, tepi imamatuka, waya umakhudza chitsulo, fyuzi n'kupsa. Wotchererani kapena finyani ndi timachubu tolumikizira, ndipo waya uliwonse wosagwiritsidwa ntchito muutseke kumapeto.

Nanga ngati mwini wakale anadula kale pulagi? Musadalire mitundu pamenepo, poti aliyense wopanga galimoto ali ndi yake. Talikitsani mawayawo kuti asakhudzane, bwezerani batire kwa kanthawi, muyeze ndi mita yoyezera mavoti. Wosonyeza mavoti 12 kiyi ili m'thumba ndi wopita ku wachikasu. Woyamba kusonyeza 12 mukatembenuza kiyi ndi wa wofiira. Masipika mumawapeza ndi kabatire ka AA: gunditsani mawaya awiri omwe mukuwaganizira, mumve chitseko chomwe chikuti thu thu. Mapulagi achikasu ndi mawaya okutidwa ndi chikasu pansi pa dashibodi nthawi zambiri ndi a airbag. Amenewo musawayeze ngakhale pang'ono.

Galimoto zina, monga za Volkswagen ndi Opel zakale, zili ndi pulagi ya ISO (ya muyeso wogwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri) yomwe mapini 4 ndi 7, onyamula magetsi a waya wachikasu ndi wofiira, ndi osinthana. Ndiye gwero la wailesi yoiwalaiwala ija. Mawailesi ambiri amabwera ndi polumikizira pa waya wachikasu ndi wofiira kuti muthe kungozula n'kusinthanitsa.

Lowetsani chimango chachitsulo chogwira wailesi m'bowo la pa dashibodi, pindani timano take kuti chigwire, lumikizani mapulagi ndi eliyo, bwezerani batire, koma musamange kaye. Yatsani. Pititsani mawu kumanzere, kumanja, kutsogolo, kumbuyo, sipika iliyonse imveke pamalo pake. Bezi ikamveka yopyapyala, pali sipika yomwe mawaya ake atembenuzika. Sungani siteshoni imodzi, zulani kiyi, dikirani pang'ono, yatsaninso. Ikakumbukira, mangani.

CD changer, ija imanyamula ma CD 6, 10 kapena 12 m'kabokosi, ili ndi khalidwe lake: imamvana ndi wailesi ya kampani yake yokha. Kampani iliyonse ili ndi polumikizira pakepake: Pioneer imagwiritsa IP-Bus, Sony UniLink, Alpine Ai-NET kapena M-Bus yakale, ndipo mawailesi ambiri atsopano alibenso bowo lake, analowa m'malo ndi USB ndi Bluetooth. Choncho yang'anani kumbuyo kwa wailesi musanatenge changer. Ikapanda kugwirizana, pali ma changer ena omwe amalowetsa nyimbo kudzera pa waya wa eliyo, mumazimvera ngati siteshoni ya FM, ngakhale mawu ake sayera kwenikweni.

Malo a changer ndi m'buti kapena pansi pa mpando, pouma, poti kabokosi katuluke momasuka. Chotsani masikuluu omwe amaimanga mkati ikamanyamulidwa kuchokera kufakitale, ngati ilinawo. M'mbali mwake muli posinthira masipuling'i molingana ndi mmene mwaiikira, chogona kapena choimirira; mukaiwala zimenezi, nyimbo idzadumpha pa bampu iliyonse. Musanaboole pansi, suzumirani kunsi kwa galimoto, pangakhale thanki ya mafuta kapena mapaipi a mabuleki. Chingwe chake chidutse pansi pa kapeti, kutali ndi njanji za mpando ndi waya wamkulu wa ampu, kuopa kulira kokwera limodzi ndi injini mukaponda mafuta.