Momwe mungatukulire nyumba ya Auditore mu gemu ya Assassin's Creed II

Mu gemu ya Assassin's Creed II, yomwe kampani ya Ubisoft inatulutsa mu 2009, Ezio Auditore, munthu amene inu mumamuyendetsa, amathawa ku Florence mu 1476, bambo ake ndi abale ake awiri atanyongedwa, ndipo amakafikira kwa bambo ake aakulu, a Mario, ku Monteriggioni. Tauni imeneyi ilipodi ku Italy, pafupi ndi Siena, ndipo ili ndi linga la nsanja 14, ngakhale kuti chinyumba cha banjali n'chongopeka. Mukafikako mudzapeza makoma akuda, mawindo okhomedwa matabwa ndi masitolo otseka, koma malo omwewa ndi amene angakulemeretseni mukawasamala msanga.

Choyamba, lowani m'nyumbamo ndi kupita kwa katswiri wa zomangamanga amene amaima pambali pa tebulo lokhala ndi kachifanizo ka tauni yonse. Ndalama za m'gemuyi, zotchedwa florin, zomwe muli nazo zilowetseni pamenepa musanathamangire kugula malupanga. Yambani ndi masitolo, makamaka la wosula zitsulo ndi la dokotala, chifukwa sitolo ikakonzedwa imakutsitsirani mitengo, komanso imakweza mtengo wa tauni yonse, umene ndalama zanu zolowa zimadalira. Banki, telala ndi wogulitsa zithunzi zibwere pambuyo pake. Chitsime, mgodi ndi tchalitchi zikakonzedwa, mumatha kulowamo ndi kutenga mabokosi a chuma.

Chachiwiri, muzibwerera kwa Claudia, mlongo wake wa Ezio, amene amasunga buku la ndalama. Mphindi 20 zilizonse ndalama zimalowa m'bokosi la m'chipinda chake, koma bokosilo likadzaza sililandiranso kanthu, choncho kukhalitsa ku Venice osabwera kudzatapa n'kutaya ndalama dala. Zomwe mwatapazo muzikonzera nyumba ina nthawi yomweyo.

Kenako dzazani zipinda. Chithunzi chilichonse chimene mwagula m'mizinda ina chimakapachikidwa pakhoma, ndipo zida ndi zovala zankhondo zimaikidwa poonetsera. Zonsezi zimawonjezera mtengo wa nyumbayo. Musaiwale tiziboliboli 8 ta milungu ya Aroma tobisika m'tauni momwemo, chifukwa mukatiika tiwiritiwiri pa nsanamira zake mumapatsidwa ndalama.

Zotsalazo zimafuna kudekha. Masamba 30 a Codex, buku lachinsinsi la Altaïr, Assassin wotchuka wakale, amene Leonardo da Vinci amawamasulira, amaikidwa pakhoma la m'chipinda cha a Mario, ndipo gemuyi simungaimalize asanakwane. Zidindo 6 zochokera m'manda a ma Assassin (gulu lachinsinsi lomwe Ezio amalowa) zimatsegula geti la m'chipinda chapansi lomwe limatchinga chovala chankhondo cha Altaïr, chomwe sichifuna kukonzetsa. Nthenga 100 zokumbukira Petruccio, mng'ono wake wa Ezio amene ananyongedwa uja, mumakaziponya m'bokosi la m'chipinda cha mayi ake, a Maria, koma ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ndi bwino kuisiyira kumapeto, mizinda yonse itatseguka.