Achotseni ana pamzere, aphunzire kuganiza ali m'bwalo

Makochi anzanga a ku Kapata, Mchini ndi Katete, ana akamaima pamzere kudikira kumenya mpira kamodzi n'kubwerera kumbuyo, mwendo wokha ndi umene ukuphunzira, mutu uli mtulo. Tsiku la masewera mwana amasankha m'kanthawi kochepa: ndipatsire mnzanga, ndidyetse njomba, kapena ndimenye kugolo? Makoni, tizizindikiro ta pulasitiki toimika pansi poyeserera, sangamuphunzitse zimenezo, chifukwa koni silanda mpira.

Njira ndikukupatsaniyi anaifalitsa mu 1982 ndi David Bunker ndi Rod Thorpe a ku Loughborough, ku England. Iwo ankati masewera ayambe, luso libwere mwana ataona yekha kufunika kwake.

Dulani kabwalo ka masitepe 30 m'litali ndi 20 m'lifupi. Zidutswa za njerwa zikhale magolo, ndipo mpira ukasowa chimpombwa chikwana. Ana anayi uku, anayi uko. Asewere mphindi zisanu inu muli chete, mukungoona. Apa ndiye povuta, pakamwa pa kochi pamayabwa.

Kenako sinthani lamulo limodzi lokha, mogwirizana ndi zimene mwaona. Ngati onse akuunjikana pa mpira ngati nkhuku pa gaga, ikani magolo awiri mbali iliyonse, m'makona. Posakhalitsa wina adzadzutsa mutu n'kuona kuti golo lakumanzere lilibe munthu. Ngati pali woumira mpira, chigoli chiwerengedwe pokhapokha atatu augunda. Koma lamulo loti aliyense agunde kawiri kokha ine sindilifuna kwa ana osakwana zaka 10, limawaopsa kupita okha. Barbra Banda wa timu ya amayi ya Zambia, amene anagoletsa zigoli zitatuzitatu m'masewera awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo, amadziwa nthawi yopatsira komanso nthawi yoti aupite nawo yekha, ndipo ana athu ayenera kuphunzira zonse ziwiri.

Mwana akalakwitsa, imbani wezulo, aliyense aime pomwe ali. Musakalipe. Funsani: "Iwe, pomwe umamenya unaona ndani? Malo anali kuti?" Dikirani ayankhe, ngakhale achedwe akukanda dothi ndi chala cha kuphazi. Akayankha, mubwezereni mpira pamalo omwewo ayesenso. Musaimitse kawirikawiri, ana amatopa nazo.

Mukaona kuti wasankha bwino koma mwendo ukumukana, mutengereni pambali mphindi zochepa aphunzire kupatsira ndi mkati mwa phazi, kenako abwerere m'masewera. M'mwezi wa Okutobala yambani dzuwa litapendeka, ndipo chigubu cha madzi chikhale pafupi.