Chimanga cha chuku musachimvere chisoni

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo timakolola nyengo yovuta kuumitsa mbewu. Kuyambira Meyi mpaka Julaye chiperoni chimatha kukhazikika masiku angapo, dzuwa osaoneka, chimanga chili pamkukwe kapena chili kale m'thumba chisanaume. Chuku chimayambira pamenepo.

Chuku ndi chamoyo. Chimakhala m'nthaka ndipo chimalowa mumbewu kudzera pomwe paboola mbozi, anankafumbwe kapena khasu pokumba mtedza. Mtundu wina wa chuku, wobiriwira mosakanikirana ndi chikasu, umatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu sawonongeka ndi moto wophikira nsima, ndipo kukazinga mtedza sikumuthetsa. Akalowa m'thupi amakafikira kuchiwindi, chiwalo chomwe chimasefa zoipa m'magazi. Mukamadya pang'onopang'ono kwa zaka, chiwindi chimawonongeka mpaka kuyambitsa khansa, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Kwa ana amathandizira kupinimbira. Akachuluka amapha msanga: mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chathu chosataya kanthu. Munthu wasankha bwinobwino, chabwino wagulitsa ku Bvumbwe kapena ku Limbuli, chowola chija wapita nacho kuchigayo kuti adye ndi ana. Mtedza wonyala ndi woswekasweka ndiwo asinja nsinjiro zothira m'phala la mwana. Ena amapatsa ng'ombe yamkaka, osadziwa kuti poizoniyu amadutsa n'kukapezeka mumkaka. Ndikudziwa kuti minda kuno ndi yaing'ono ndipo chitini chilichonse chimawerengedwa, komabe chowolacho chikwirireni m'dzenje lakuya, kutali ndi nkhuku.

Chachikulu n'kupewa kuti chisaole n'komwe. Musasiye chimanga chitagwa pansi m'munda. Yanikani pathandala, pamphasa kapena papepala la pulasitiki, osati padothi, ndipo chiperoni chikayamba lowetsani pansi pa denga pomwe mphepo ikudutsa. Makaka nawonso ayanikidwe choncho. Mtedza musauwaze madzi pofuna kuti makoko afewe poswa. Chinyezi chimenecho ndicho chuku chimafuna.

Musanathire m'thumba, yesani kaye. Tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chotong'ola chodzadza dzanja ndi supuni ziwiri za mchere wouma, tsekani, khutchumulani, musiye kwa kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume, chibwerere padzuwa. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene mukugwiritsa ntchito matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki mkati, chifukwa salowa mpweya, ndiye mukatsekeramo chonyowa chimawonongekera momwemo. Matumba asanjikidwe pamatabwa, asagunde khoma, ndipo mankhwala ophera anankafumbwe thirani pamlingo wolembedwa pabotolo lake. Dziwani kuti mankhwalawo amapha tizilombo tokha, poizoni wa chuku samuchotsa.