Akamabwebweta kutulo, musawagwedeze

Inu amene kunyumba kwanu kuli msilikali, wapolisi, wozimitsa moto kapena woyendetsa ambulansi, akamabwebweta kutulo musawagwire. Imani pakhomo, yatsani getsi, muwaitane dzina mofatsa mpaka atsegule maso. Ine ndinaphunzira mochedwa, achimwene atandikankha mpaka kukagunda khoma, patangotha miyezi iwiri chibwerereni kuchokera ku DRC. Atazindikira kuti ndine, anakhala pansi n'kuyamba kulira.

Achipatala amati PTSD, vuto la maganizo lobwera munthu akadutsa m'zoopsa. Ubongo umakhalabe tcheru ngati ngozi ija sinathe, ndiye chitseko chikangomenyeka ndi mphepo, munthu thukuta kamukamu, ngakhale mu June pamene Mzuzu yense ali m'majuzi. Si ufiti. Makombola a pa Chaka Chatsopano ndiye oipitsitsa, muziwachenjezeratu ana.

Funso lija loti "munapha angati kumeneko?" lisiyeni, ngakhale mocheza pa bawo. Akafuna kufotokoza adzayamba okha, inu muzingomvetsera.

Masabata oyambirira zimenezi zimachitikira ambiri ndipo zimazilala zokha. Koma mwezi ukadutsa akulotabe zoopsa, akupsa mtima ndi tinthu tating'ono, kapena tulo sitibwera popanda kachasu, pitani nawo kuchipatala cha St John of God kuno ku Mzuzu, kuli aphungu ndi achipatala oona za matenda a maganizo. Mawu oti "misala" musawatchule. Ine ndinangoti, "Achimwene, tiyeni tikaonetse vuto la tuloli," ndipo anavomera.

Akatchula zodzipha, musadikire kuti kuche. Chotsani mankhwala a makoswe ndi a mbewu m'nyumbamo, musawasiye okha, thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo.