Kudula roketi ya matabwa pa makina a CNC

Roketi yosavuta kuyambira ndi ya zidutswa ziwiri zafulati zolowetsana pakati, china chokhala ndi mpata kumutu, china kumunsi. Zikalowana, zipsepse zinayi zimatuluka zokha. Saturn V, imene inanyamula Apollo 11 kupita kumwezi mu 1969, inali yaitali mamita pafupifupi 111. Mukagawa ndi 400 mupeza masentimita 28, yokwana bwino m'manja mwa mwana. Jambulani pa kompyuta mu pulogalamu ya Inkscape kapena FreeCAD, kenako mutulutse G-code, malamulo amene makina a CNC, odula motsogozedwa ndi kompyuta, amatsatira.

Ntchito yonse yagona pa mipata. Pulayiwudi wogulitsidwa ngati wa 6 mm kawirikawiri sakwana pamenepo. Muyezeni ndi vernier caliper, chida choyezera kukhuthala, m'malo anayi. Mukapeza 5.6, dulani kaye kathabwa koyesera kokhala ndi mipata itatu: 5.6, 5.7 ndi 5.8 mm. Umene thabwa lalowa pongolikankha ndi chala chachikulu, ndi womwewo. Wofuna hamala udzang'amba pulayiwudi, ndipo wogwedera ngakhale guluu sangaupulumutse. Chinanso, biti, kachitsulo kamene makina amadulira, ndi yobulungira, choncho ngodya zam'kati sizituluka zakuthwa, chidutswa chinzake chimakakamira chisanafike pansi. Boolani timabowo pangodyapo, amati dogbone.

Tengani biti ya down-cut (yokankhira utuchi pansi) ya 3.175 mm kuti pamwamba pasanyotsoke, pa 18,000 rpm (kuzungulira pa mphindi), liwiro la 1,000 mm pa mphindi, kuzama 1.5 mm ulendo uliwonse. Yang'anani utuchi. Ukamatuluka ngati ufa, m'mphepete n'kumada, ndiye kuti mukuyenda pang'onopang'ono kwambiri ndipo biti ikupsa. Siyani timilatho tinayi, timalo tosadula togwira chidutswa chilichonse kuthabwa, apo ayi chimathawa pomaliza n'kuthyola biti.

Kuno ku Zomba chinyezi cha dzinja ndi chiperoni chimapinda pulayiwudi. Msungeni chogoneka, muli chinthu cholemera pamwamba, ndipo podula mumange ndi masikuluu pakati pomwe, chifukwa thabwa lotukuka limadulika mozama mosiyana. Paini wa kuphiri ndi wabwino pa choimikapo roketi, bola akhale wouma, poti utomoni umamata biti. Lembaninso papepala manambala a pamene mwaika ziro, malo amene makina amayambira kuwerenga, kuti magetsi akathima mudzapitirize osataya thabwa.

Kwechani ndi sandipepa ya 120 kenako 220, matani ndi guluu wa PVA, mupake penti ya madzi, yoyera ndi yakuda monga inalili Saturn V. Ya mwana wosakwana zaka 3 isakhale ndi kachidutswa kothothoka koti angameze.