Kufufuza lamulo la European Union ku laibulale ya zamalamulo

Musanayambe, khalani ndi nambala ya lamulolo ndi chaka chake, mwachitsanzo Regulation 2016/679 yoteteza zinsinsi za anthu. Ngati mulibe, lembani nkhani yake ndi dziko lomwe likukhudzidwa.

1. Pa kompyuta ya mulaibulale, tsegulani EUR-Lex, webusaiti ya malamulo a European Union. Ndi yaulere ndipo ili m'zilankhulo 24.

2. Lembani nambala ija, kapena ya CELEX, yomwe ndi nambala yapadera imene EUR-Lex imapereka ku chikalata chilichonse. Ya chitsanzo chathuchi ndi 32016R0679.

3. Onani mtundu wa lamulo. Regulation imagwira ntchito mwachindunji m'mayiko onse 27 a European Union. Directive ndi yosiyana: dziko lililonse limailowetsa m'malamulo ake, choncho pemphani woyang'anira laibulale akuthandizeni kupeza lamulo la dzikolo.

4. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Amatenga mawu oyamba osafufuza ngati anasinthidwa. Werengani consolidated version, yomwe imaphatikiza zosintha, kuti muone momwe lamulo lilili lero. Koma ilibe mphamvu ya lamulo, ndiye potchula gwero musadalire iyo. Tchulani zomwe zinasindikizidwa mu Official Journal, gazeti ya European Union yofalitsiramo malamulo.

5. Zigamulo za khoti la European Union la ku Luxembourg zifufuzeni pa CURIA, webusaiti ya khotilo, ndi nambala ya mlandu, yoyamba ndi C kapena T.